Khofi wa Kwathu ndi Dzina la pa Kathumba

Pamene a Mlembi a bungwe lathu anandiuza kuti caka cino ndine ndilembe nkhani ya mbiri ya kwathu, ndinayamba kuganiza za mafumu ndi za nkhondo, monga acitira olemba mbiri onse. Koma cimene cinandipatsa mutu ndi kathumba ka pepala kamene ndinakapeza m'sitolo ina mu Johannesburg. M'kathumbamo munali khofi wokazinga kale, magalamu 250 okha, ndipo mtengo wace unaposa wa thumba la ufa la makilogalamu 10. Pamwamba pace panalembedwa kuti Malawi, ndipo pansi pa dzina limenelo panali dzina lina m'zilembo zazing'ono, ndilo Misuku.

Khofi wotere amalonda amamucha single origin, ndiko kunena kuti ngwa malo amodzi, wosasanganiza ndi wa maiko ena. Khofi wa m'zitini amene ambiri a ife timwa m'mawa ndi msanganizo wa khofi wa maiko ambiri, woponyedwa pamodzi kotero kuti palibe angadziwe kwao. Uyu wa m'kathumba adziwika kwao, ndipo anthu alipira ndarama zambiri cifukwa ca kudziwikako. Tsono funso langa m'nkhani ino ndi ili: dzina la mapiri a alimi ang'ono-ang'ono a ku Chitipa linakwera bwanji pa kathumba? Pakuti khofi woyamba wa dziko lathu sanali wa anthu a m'midzi ai, ndipo maina amene anayenda naye ku Ulaya anali a anthu ena.

Kwao kweni-kweni kwa mtengo wa khofi ndi mu Afrika momwe muno, m'nkhalango za ku mapiri a Ethiopia. Kucokera kumeneko unaoloka Nyanja Yofiira kunka ku Yemen, kumene Aluya anayamba kuulima, ndipo pambuyo pace anthu a ku Holland anautengera ku Java ndi ku Amsterdam. Cotero mtengo wa mu Afrika unayamba wazungulira dziko lapansi usanafike kwathu, ndipo pofika unadzera ku Scotland, dziko la cisanu kumene khofi sangamere panja. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. Mu 1878 kunabwera wosamala munda wa Mishoniyo, dzina lace Jonathan Duncan, atanyamula timitengo 3 ta khofi tocokera m'munda wosungiramo mitengo wa ku Edinburgh. Ulendo wa masiku amenewo unali wa pa nyanja ya mcere kufikira ku Quelimane, kenaka m'ngalawa pa Zambezi ndi pa Shire, potsiriza wa pansi kukwera zitunda. Tiwiri tinafa. Kamodzi kanapulumuka, kanakula pa Mishoni ndi kubala zipatso, ndipo mbeu za kamtengo kameneka ndizo zinayamba minda ya khofi ya ku Blantyre ndi ku Zomba.

Amene anaona ndarama m'mtengowo ndi John Buchanan, amenenso anadza ndi Mishoni ngati mlimi. Atacotsedwa pa nchito ya Mishoni mu 1881, iye ndi abale ace anaika mtima wao wonse pa munda wa khofi ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Khofi wa ku mapiri a Shire atafika ku London anagulidwa pa mtengo wabwino, ndipo mbiri inawanda.

Azungu ena atamva anathamangira komweko. Ena anacokera ku Ceylon, kumene nthenda ya dzimbiri la masamba inali itatha minda ya khofi kuyambira 1869. Nanga malo anawapeza motani? Mafumu analandira nsaru, mikanda, mfuti ndi wonga, nayesa kuti ali kubwereka mlendo polima monga mwa mwambo wathu. Koma mlendoyo m'mtima mwace anali kunena kuti wagula dziko mpaka muyaya. Boma la Angelezi litakhazikika mu 1891, mkuru wace woyamba, Harry Johnston, anafufuza malonda amenewa napereka zikalata zochedwa Certificates of Claim. M'mapiri a Shire mokha zikalatazo zinaphimba maekala oposa 800,000, ndipo yambiri inali nthaka yabwino koposa. Pa zikalatazo panali maina onga Buchanan, Sharrer, Bruce ndi kampani ya Mandala. Inde, analipo anthu akuda owerengeka, monga Kumtaja ndi Donald Malota, amene anapeza malo nabzala khofi wao-wao; koma poyerekeza ndi minda ya Azungu, yao inali timadimba cabe.

Kuti muone m'mene khofi analemekezedwera masiku aja, taonani masitampa a dziko lathu a mu 1895. Pamenepo pali cizindikiro ca Boma: cishango pakati, anthu akuda 2 ataimirira uku ndi uku, wina atagwira piki, wina fosholo, ndipo pamwamba pa zonse mtengo wa khofi. Mtengo womwewo unali pa mbendera. Ife a pa mgodi sitisowa wotiuza kulemera kwa piki ndi fosholo. Anthu awiri aja sanawalembe maina, ndipo palibe anaganiza kuti nkofunika kutero.

Khofi afuna manja ambiri, ndipo awafuna pa nthawi yoipa. Kubzala ndi kupalira kugwa m'dzinja, pamene munthu aliyense ali kalikiliki m'munda mwace mwa cimanga. Anthu oyandikana ndi minda ya Azungu sanaone cifukwa cosiyira cakudya ca ana ao ndi kukapalira mtengo umene zipatso zace sizilowa m'mphika. Tsono Boma linaika msonkho wa nyumba, masheleni 3 pa caka. Malipiro a mwezi wathunthu pa munda wa khofi analinso ngati masheleni 3, kawiri-kawiri operekedwa m'nsaru. Ine monga kalaliki ndikaika ziwerengero ziwirizi pamodzi sindifunanso wondimasulira. Atonga a ku Bandawe ndi ku Nkhata Bay, amene anali atazolowera kale kugwira nchito kwa Mandala, ndi Angoni a ku Ntcheu ndi ku Dedza, anayamba kutsika m'magulu-magulu kudzagwira miyezi ingapo ndi kubwerera. Pa ciyambi ca zaka za 1900 lamulo linaonjezanso kuti munthu wosagwirira Mzungu nchito mwezi umodzi pa caka alipire msonkho wowirikiza kawiri.

Ndipo panali thangata. Mau amenewa kale anali abwino: mnzako akacepa manja, akazi ace afulula mowa, inu mupita kukamthangata kulima. Pa minda ya Azungu mau omwewo anasanduka lendi, kuti wokhala pa malo a bwana agwire nchito ya bwanayo, ndipo wowerenga masiku ace ndi kapitao wa bwana yemweyo. Amene anasenza goli limeneli koposa onse ndi Alomwe. Iwo anayamba kulowa ambiri-mbiri kumapeto kwa zaka za 1890, pothawa nkhanza za ku dziko la Apwitikizi, ndipo popeza analibe malo ao kapena mfumu yowalankhulira, sanathe kukana ciriconse.

Khofi akauma, panalibe njanji kapena galimoto. Thumba lililonse linatsika pamutu pa munthu kucoka ku Blantyre kunka pa dooko la Katunga pafupi ndi Chikwawa, mamailosi pafupifupi 30, ndipo pobwerera amtengatenga aja anakwera citunda atasenza katundu wa m'masitolo. Kucokera pa dookolo sitima za pamadzi zinatsika naye khofi kunka ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi. Madzi a Shire akacepa m'cilimwe sitima zinali kutitimira pamcenga, katundu nangokhala pagombe.

Caka ca 1900 ndico cinali pamwamba pa phiri: dziko lathu linatumiza kunja khofi wokwana pafupifupi matani 1,000, ndipo ndiye anali malonda akuru koposa onse. Kutsika kwace kunali kwa msanga. Ku Brazil anali atabzala mitengo yosawerengeka, khofi anasefukira pamsika wa dziko lapansi, mtengo nugwa. Kwathu kunadza cilala, mbozi zoboola tsinde zinalowa m'minda, ndipo nthaka imene anailima kopanda manyowa kapena mthunzi inaguga. Ndarama zolipira ulendo wa ku Chinde zinadya phindu lotsala. M'zaka zowerengeka eni minda anazula khofi nabzala thonje, fodya ndi tiyi. Njanji imene anaipempha zaka zambiri inafika ku Blantyre mu 1908, khofi ali kutha kale. Mu 1914 Boma linalandira cizindikiro catsopano ca kambuku ndi dzuwa loturuka, ndipo mtengo uja unasowapo malo.

Mtengo unapita, koma zimene unabwera nazo zinatsala. Zikalata za malo zinatsala, msonkho unatsala, thangata linatsala. Munda wa A. L. Bruce ku Magomero unayamba ndi khofi pansi pa William Jervis Livingstone, ndipo khofi atakanika anatembenukira ku thonje ndi thangata lowawa koposa loyamba. Kumeneko ndiko kunagwa anthu a John Chilembwe usiku wa pa 23 January 1915. Ndipo Chilembwe mwini wace anayamba nchito m'nyumba ya Joseph Booth, amene anafika mu 1892 natsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi ndi ciyembekezo cakuti khofi ndiye adzalipira nchito ya Mishoni.

Cinanso cimene cinatsala cikhudza ife tonse okhala kuno. Amuna amene anaphunzira kusiya mudzi ndi kuyenda masiku ambiri kukafuna ndarama ya msonkho sanaiwale njirayo. Sindinena kuti khofi yekha ndiye anatibweretsa kuno, pakuti ena anali atayamba kale kuoloka Zambezi paokha kunka ku migodi ya ku Rhodesia. Koma mu 1903 Boma linabvomereza kuti Wenela alembe anthu a ku migodi ya ku Transvaal, kumene malipiro anaposa a pa minda ya kwathu kakhumi, ndipo eni minda analira kwambiri kuti alandidwa anchito ao. Ambiri a oyambawo anafa ndi cibayo, kotero kuti mu 1913 Boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a maiko otentha, ndipo ciletsoco cinakhala zaka zoposa 20. Pakati pa makolo athu amene anasanduka machona, alipo amene ulendo wao woyamba wa nchito unali wokapalira khofi.

Tsopano tisiye ku Blantyre, tikwere kumpoto kweni-kweni kwa dziko, m'boma la Chitipa, limene kale linali kuchedwa Fort Hill. Kumeneko kuli mapiri a Misuku, pafupi ndi mtsinje wa Songwe umene uli malire athu ndi Tanzania. Mapiriwo akwera kufikira pafupifupi mamita 2,000, ndipo pamwamba pace pali nkhalango zobiriwira caka conse za Mughese, Wilindi ndi Matipa. Eni dzikolo ndi Asukwa ndi abale ao Andali, anthu odziwa kulima pamtsetse kuyambira kale, a nthoci, nyemba, mawere ndi ng'ombe. Tsidya lija la Songwe, ku Rungwe, khofi anali kulimidwa kale, ndipo ca m'ma 1930 alimi a ku Misuku anali atayamba kubzala timinda tao. Panalibe cikalata ca bwana, panalibe kapitao. Munthu anabzala mitengo yace pakati pa nthoci kuseri kwa nyumba.

Ndiye cifukwa ninji khofi anakana kwa anthu amene anali ndi maekala, ndarama ndi Boma kumbuyo kwao, nabvomera kwa anthu a khasu limodzi? Cina ndi malo. Khofi wa mtundu wa Arabica akonda kozizira, kwa nkhungu, kumene cipatso cikhwima pang'ono-pang'ono. Malo ambiri a ku Blantyre ndi ku Zomba anali otsika ndi otentha koposa apa. Koma cina, cimene ine ndiciyesa cacikuru, ndi kalimidwe. Mtengo wa khofi utenga zaka 3 usanabale. Mwini munda waukuru amene anakongola ndarama ku Ulaya sangathe kupirira caka coipa, pakuti anchito afuna malipiro ndipo wokongoza afuna zace. Mlimi wa ku Misuku anali kudya nthoci ndi nyemba za m'munda womwewo podikira. Nthoci zinapereka mthunzi, masamba ace anaphimba nthaka, khola linapereka manyowa, ndipo opalira anali eni mitengo. Mtengo wa pamsika ukagwa sanali kuzula, anali kungocepetsa cisamaliro mpaka zinthu zitasintha.

Bvuto lao linali la kugulitsa. Cipatso ca khofi siciyenera kugona cisanasendedwe, makina osendera ngodula kwa munthu mmodzi, ndipo msika uli kutali. Cifukwa cace alimi anayenera kugwirizana. Lamulo la makoparetivi linaikidwa mu 1946, ndipo m'zaka za 1950 alimi a khofi a kumpoto anali ndi mabungwe ao. Ufulu utabwera mu 1964 Boma latsopano silinakonde mabungwe oima paokha. Linatenga malonda a mbeu m'manja mwace, ndipo pa ciyambi ca zaka za 1970 linakhazikitsa Smallholder Coffee Authority kuti iziyang'anira khofi yense wa alimi ang'ono. Bungwe limeneli linamanga nyumba zosendera ndi kutumiza alangizi, tisaliname. Koma mlimi analibe mau m'menemo. Sanali kudziwa kuti khofi wace wagulidwa zingati, malipiro anali ocepa ndi ocedwa, ndipo ambiri analekerera mitengo yao m'chire. Pofika 1999 bungwelo linali litamira m'ngongole, Boma nilithetsa.

M'malo mwace munabadwa Smallholder Coffee Farmers Trust, ya alimi eni ace, ndipo mu 2007 inasanduka Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, yosonkhanitsa makoparetivi a ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya, ku mapiri a Nkhata Bay ndi ku Mzimba. A ku Ntchisi analowa pambuyo pace. Alimiwo analandira cuma cao pa nthawi yobvuta koposa. Pangano la maiko lochinjiriza mtengo wa khofi linali litatha mu July 1989, Vietnam anali atadzaza msika, ndipo mu 2001 paundi imodzi ya khofi inatsika pansi pa masenti 50 a ku Amereka. Minda ikuru-ikuru ya ku Thyolo ndi kwina, imene inabwerera ku khofi m'zaka za 1980, yambiri inamsiyanso. Kaciwiri eni maekala anazula, a m'mapiri natsala.

Cimene cinawatsegulira khomo cinayamba kutali, ku San Francisco. Kumeneko kunali mai wina wobadwira ku Norway, Erna Knutsen, amene anayamba nchito ngati kalaliki m'kampani yogula khofi. Iye anaona kuti timatumba tocepa tocokera ku malo ena tinali ndi kukoma kwace-kwace kumene kunali kutayika posanganiza, nayamba kutigulitsa patokha kwa okazinga ang'ono-ang'ono. Mu 1974 anachula khofi wotere kuti specialty coffee, ndiko kuti khofi wapadera, ndipo dzinalo linakhazikika. Masiku ano kuli akatswiri olawa, amene akazinga pang'ono, athira madzi otentha m'zikho, anunkhiza, apsontha ndi supuni ndi kulabvula, napereka mamalikesi monga acitira aphunzitsi. Khofi wopeza 80 mwa 100 kapena kuposa ndiye ayesedwa wapadera. Kwa dziko ngati lathu iyi ndiyo njira yokha. Brazil akolola matani oposa mamiliyoni 3 pa caka, pamene ife zaka zino sitifika ngakhale matani 2,000. Pa kucuruka sitingapikisane ndi munthu. Cotsala ndi kukoma, ndi dzina lotsimikiza kumene kukomako kwacokera.

Koma mamalikesi amenewa sapezeka m'cipinda ca olawa, apezeka m'munda. M'miyezi ya cisanu, pamene khofi akupsa, wothyola ayenera kusankha zipatso zofiira zokha-zokha, cimodzi-cimodzi, kusiya zaziwisi kuti adzazibwerere tsiku lina. Mtengo umodzi aubwerera kangapo. Tsiku lomwelo dengu litsika kapena kukwera phiri pamutu kunka ku nyumba yosendera, kumene aliyesa pasikelo ndi kulemba. Makina acotsa khungu. Njere zigona m'thanki kuti cinterera cace cisungunuke, ndipo apa pafunika maso, pakuti zikakhalitsa zisasa, zikafulumira kucotsedwa sizitsukika. Azitsuka m'ngalande ya madzi oyera, zopepuka ziyandama nizipatulidwa. Kenaka aziyanika pa matebulo a waya masabata ngati awiri, kuzitembenuza ndi manja, kuzifunda dzuwa likakula kapena nkhungu ikatsika. Ku Mzuzu makina ena acotsa gaga wace, ndipo amai akhala tsiku lonse kutola njere zakuda ndi zoboola. Njere imodzi yobvunda iononga cikho conse. Pamene khofi ali wosanganiza, mlimi wosamala ndi mlimi waulesi alandira cimodzi-modzi. Pamene ayenda ndi dzina la kwao, cisamaliro cioneka, ndi ulesi womwe uonekanso.

Pali nkhani ina ya mtundu wa mtengo imene iyenera kunenedwa. Ca m'ma 1930 Angelezi anatola mbeu za khofi m'nkhalango ya pafupi ndi Gesha, kum'mwera ca kumadzulo kwa Ethiopia. Mbeuzo zinapita ku Kenya ndi ku Lyamungu m'dziko la Tanganyika, zina zinaoloka nyanja kufika ku Costa Rica mu 1953, ndi kucokera uko ku Panama. Zaka zambiri palibe anazisamala, popeza mtengowo ngwautali ndipo subala kwambiri. Mu 2004 munda wa Hacienda La Esmeralda ku Panama unaika khofi ameneyu payekha pa mpikisano, ndipo olawa anadabwa ndi pfungo lace longa la maluwa. Anagulidwa madola 21 pa paundi, pamene khofi wamba sanali kufika dola imodzi. Dzina la Geisha linachuka pa dziko lonse. Komatu ku mapiri a kumpoto kwathu alimi anali nayo kale mitengo yochedwa Geisha, imene anaibzala cifukwa copirira nthenda, osati cifukwa ca pfungo. Akatswiri a mbeu apeza kuti mitengo yochedwa ndi dzina limeneli m'maiko osiyana siili yonse ya mtundu umodzi ndendende, cotero tisayembekeze mtengo wa ku Panama. Komabe dzinalo lakopa ogula. Ndipo taonani kubvuta kwace: pa nthawi yomweyo alangizi anali atalimbikitsa alimi kubzala mitundu yaifupi ya Catimor, monga uja aucha Nyika, umene ubala msanga, ubala kwambiri, nupirira dzimbiri la masamba, koma ufuna feteleza wambiri ndipo olawa kawiri-kawiri aupatsa mamalikesi ocepa. Mlimi wa kamunda kamodzi asankhe uti? Wobala zambiri za mtengo wamba, kapena wobala zocepa zimene mwina mlendo adzazikonda? Wolangiza ndi wolawa onse awiri alandira malipiro ao pa mwezi. Woyembekeza zaka 3 kuti aone ngati anasankha bwino ndi mlimi yekha.

Tsono tibwerere ku kathumba kaja, tiwerenge. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya njere zouma zotumiza kunja pafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zofiira, ndipo pokazinga njerezo zitaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a kulemera kwace. Cotero m'kathumba ka magalamu 250 muli zipatso zosafika makilogalamu 2. Funsani mbale aliyense wolima khofi kuti alandira zingati pa makilogalamu 2, muyerekeze ndi mtengo wa m'sitolo. Mudzapeza kuti gawo lace nlaling'ono ndithu. Sikuti zonse zotsalazo zabedwa ai. Pakati pali nyumba yosendera, galimoto yotsika m'miseu yoterera ya Misuku, makina a ku Mzuzu, ulendo wa ku dooko la kutali popeza dziko lathu liribe gombe la nyanja ya mcere, wokazinga, ndi lendi ya sitolo. Koma nkoonanso kuti nchito imene ionjeza mtengo koposa zonse, ndiyo kukazinga ndi kuika m'kathumba, yambiri icitikira kunja kwa dziko lathu, monga momwe zinaliri mu 1900.

Ndipo pali kucedwa kwa ndarama. Koparetivi igulitsa khofi miyezi ingapo atathyoledwa, ndipo phindu la mtengo wabwino lifika kwa mlimi mocedwa, pamene fizi ya ana ndi feteleza zifuna ndarama lero. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, zogula zonse za kunja nizikwera. Ndiye pabwera mavenda ndi ndarama m'manja, ogula zofiira ndi zaziwisi zomwe osafunsa. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Sindingamdzudzule mai wamasiye wogulitsa dengu lace kwa venda. Koma dengu lililonse lopita njira imeneyo litaya dzina lace, likalowa m'msanganizo, ndipo koparetivi itsala yosakwanitsa zimene inalonjeza wogula. Mu February 2025 mtengo wa Arabica ku New York unapitirira madola 4 pa paundi, mtengo umene sunaonekepo kale. Pa nthawi yotere venda akhala ndi mphamvu koposa, cifukwa khofi wamba yemwe ali ndi ndarama.

Catsopano cina cacokera ku Ulaya. Mu 2023 maiko a European Union anakhazikitsa lamulo lakuti khofi wolowa kwao adziwike munda weni-weni umene anacokera, kuti asakhale wa pa nkhalango yodulidwa kumene; tsiku loyamba kugwira nchito analisuntha cifukwa ca madandaulo a maiko olima. Kwa wogulitsa minda ya alimi zikwi-zikwi, yobalalika m'mitsetse, imeneyi ndi nchito yaikuru ndi yodya ndarama, pakuti kamunda kalikonse kayenera kupimidwa ndi kulembedwa. Sindidziwa ngati olemba lamulolo anaganizira za anthu otere. Koma ndikakumbukira zikalata za Johnston, ndiona kuti kaundula wa minda ya khofi ali kulembedwanso kaciwiri, ndipo ulendo uno maina olowamo ndi a Cisukwa, Cindali, Citumbuka, Citonga ndi Cicewa.

Kathumba kaja ndinakagula, ngakhale thumba langa linadandaula. Ndinakatengera kwa mkuru wina wa m'bungwe lathu, wa ku Phoka, amene ndinamva kuti anakulira pakati pa mitengo ya khofi. Anakatembenuza-tembenuza, nawerenga dzina lija kawiri. Anandiuza kuti ali mnyamata anali kuperekeza amai ace ndi dengu ku nyumba yosendera m'mamawa kusanace, kuzizira kuli kuluma zala, ndipo kuti m'zaka zonsezo pakhomo pao sanamwepo khofi ngakhale tsiku limodzi, anali kumwa tiyi. Tinasinja njerezo mu kamtondo, akazi ace anawiritsa madzi. Mkuruyo anapsontha, nakhala cete kanthawi, nati, "Kodi ndi zimenezi?" Kenaka anapempha shuga wina.